Mainjini a Visiteni

Lolemba, 6 August 2007

Keziya 06:50
achimwene abambo akananso. akuti pa chinkhoswe changa sadzatuluka, adzamvera ali mnyumba. pa 18 mpafupi apa, ine mutu waima

Keziya 06:53
jekete munawagulira lija aliika pansi pa sutikesi. akuti lidzagwira ntchito pa maliro awo

Rodrick 07:31
ikadali nkhani ya ku mphakati ija?

Keziya 07:40
yomweyo. a Benedicto kuima nkunena kuti aliyense anene zoona za njerwa zomwe waumba, tisamachite za visiteni. anthu onse kufa nako kuseka, abambo ali pompo

Keziya 07:44
masabata atatu tsopano. kutchalitchi ayi, ngakhale pakhonde sakhala. munthu maso anafa kale, chinatsala nkucheza ndi anthu, nachonso awalanda

Rodrick 07:58
Kezi mawu amenewo anthu amangolankhula, sakumbukanso kuti anachokera kwa abambo. ifenso tili ana tikagwira mnzathu bodza tinkati imeneyo ndi visiteni

Keziya 08:05
inu munaiwala, iwo sanaiwale. ndege yomwe amaitcha visiteniyo anaipukuta ndi manja awo ku Chileka zaka 6, lero dzina lake mmudzi muno likutanthauza bodza. kulakwa kwao kunali kunena kuti ili ndi mainjini 4 kumchira basi

Keziya 08:07
ine sindingavale chitenje nkuvina bambo anga atadzitsekera ngati wakuba. bola chilephereke

Rodrick 08:20
iwe usayambe. mankhwala ake ndili nawo. ndigule mayuniti ndikuuze

Rodrick 12:14
Loweruka ndinali ku Kachebere, ankagulitsa katundu wa wansembe wachizungu wina amene wabwerera kwao. ndinkafuna mawailesi akale ochotsako ma spare

Rodrick 12:17
ndinatolanso katoni ina, chiswe chinadya chivindikiro ndi mapepala onse. mkati muli ndege ya pulasitiki yosamanga, tizidutswa tambirimbiri, umalumikiza wekha ndi guluu. thupi lake kuyambira paphewa langa mpaka kuchikhatho

Keziya 12:30
ndiye chidole chithandiza chani achimwene

Rodrick 12:33
tadekha. pa chimango chomwe chagwira tizidutswato anadindapo zilembo. VC10. tawerenga mokweza mchizungu

Keziya 12:41
vi si teni

Keziya 12:41
mayo ine

Keziya 12:42
achimwene VISITENI??

Rodrick 12:45
yomweyo. ndinangozindikira mmawa uno utanditumizira uthenga. iliko ndege imeneyi, sanapeke. ndimanga, ndipenta, pa 18 ndibwera nayo pamaso pa mudzi wonse. atuluka okha, ndikulonjeza

Keziya 12:52
popanda pepala lolangiza mutha koma? chithunzi chake chilipo?

Rodrick 12:55
palibe chithunzi. kma ukufunsa ine? amene ndinadzutsa wailesi ya ahedi itagwera mchitsime? ndege ndi thupi, mapiko, mchira, yatha. usawauze abambo, ikhale surprise

Lachitatu, 8 August

Rodrick 10:02
thupi lagwirana. ndalimanga ndi malegeni, mapiko ndapana ndi zopanira zovala za alamu ako, akusaka nyumba yonse. mawindo ake ndi tating'ono ngati mpunga, kamodzi kanagwa ndakwawa nako theka la ola

Keziya 13:20
sory netiweki inathawa, ndakwera pachulu. akuchimuna atumiza amalume ake a Aubrey wanga kudzafunsa ngati abambo akudwala. ndanama kuti ndi chimfine

Rodrick 13:34
uwauze akhala pampando wakutsogolo. ntchito ikuyenda heavy

Rodrick 13:38
kungoti azungu nawonso amalakwitsa. kumbuyo kwa thupi anasiya timing'alu tiwiri, kwina uku kwina uku. ndatseka ndi phala lomatira galimoto, wandigawira Jonasi wa pa garaja. pasalala ngati tsaya

Rodrick 13:41
kaphiko ka kumchira nako nkamakani. ndimafuna ndikaike mmunsi ngati ndege zonse, kakungolowa pamwamba penipeni pa mchira. ndakasiya momwe kakufunira

Keziya 13:50
bola ithe. osaphwanya plz

Lachisanu, 10 August

Rodrick 15:06
uthenga wabwino. mainjini alipodi 4, apo abambo analondola. ali awiriawiri ophatikana. ndawamata kale pansi pa mapiko, guluu akuuma. ikuoneka ngati inyamuka pompano

Keziya 15:19
pansi pa chani?

Rodrick 15:21
mapiko

Keziya 15:23
achimwene abambo amati kumchira

Rodrick 15:30
Kezi ine ku Lumbadzi ndinafikako kawiri, ndege ndinaziona ndi maso anga. pa kalendala ya mu shopu muno palinso ina. zonse mainjini pansi pa mapiko

Rodrick 15:33
ukaika zitsulo zinayi kumchira ndege ikhala pansi ndi matako ngati galu, mphuno mmwamba. imeneyi ndi science, si maganizo anga

Keziya 15:40
ndiye mukubweretsa ndege yodzauza mudzi wonse kuti a Benedicto ankanena zoona zaka 30 zonsezi

Rodrick 15:48
ayi iwe. ndegeyi ikutsimikiza dzina, ikutsimikiza 4. za kumchirazo mwina anangothirako mchere. munthu akachokera mtauni amatero, si tchimo

Keziya 15:51
ndiye inunso mukuti ndi visiteni

[Keziya wafulasha 16:30]

[Keziya wafulasha 17:05]

Rodrick 17:40
sindinatero. ndinali ndi makasitomala

Keziya 17:46
mwatero. anthu akuwaseka chifukwa cha mchira, osati chifukwa cha 4. abambo saona koma manja ali nawo, adzaipapasa. mukufuna adzamve ndi zala zao kuti mwana wao yemwe wawatsutsa?

Rodrick 17:55
ndiye ndiname dala? ndimate pomwe sipoyenera kuti mdala asangalale? ntchito yanga ine sindichita zimenezo, boma lonse la Mchinji likudziwa

Keziya 17:58
mukabwera nayo choncho ndidzaisonkhezera pamoto wa thobwa. sindikuseka

Lamulungu, 12 August

Keziya 14:10
ndimawawenga zikhadabo ndiye ndawafunsa kuti ndege ija inali yotani. sindinatchule zanu. nditamaliza dzanja limodzi anayamba kufotokoza. ndikulemba momwe anenera, musandidule

Keziya 14:14
"Anayi, awiri uku awiri uku, ophatikana ngati nthochi zamapasa. Phiko sakhudza ayi. Pansi pa phiko panalibe kanthu, ife tinkausapo dzuwa nkumadya mbatata zathu."

Keziya 14:18
"Amagwira thupi kumbuyo, zenera lomaliza likangotha. Ine ndinkalidziwa zenera limenelo chifukwa linkada ndi mwaye kuposa onse, ndinkalipukuta kawiri."

Keziya 14:23
"Mchira wake wautali ngati nyumba yosanja. Pamwamba penipeni pagona kaphiko kena mopingasa. Ukaima kumbuyo umaona ngati mtanda woduka mutu."

Keziya 14:25
achimwene mwamva? pamwamba penipeni. si mawu anu aja a Lachitatu? iwo anawamva kuti?

Keziya 14:31
atamaliza anandifunsa kuti ukufunsiranji, ukufuna nawe ukaseke kuchitsime? ndinati ayi. akuti mwa ana anga onse ndiwe woyamba kundifunsa

Keziya 14:33
ndinatuluka ndi lezala mmanja nkukalirira kuseri kwa nkhokwe

[Keziya wafulasha 16:12]

Lolemba, 13 August

Keziya 07:15
mwadzuka bwnj. mwalandira mauthenga anga?

[Keziya wafulasha 12:40]

Keziya 17:20
ok khalani chete. atsala masiku 5

Lachiwiri, 14 August

Rodrick 09:05
Kezi

Rodrick 09:09
dzulo lonse ndimangoizungulira. mmawa uno ndatenga singano ndakolokosa phala lija ndinatsekera timing'alu. tili pomwe zenera lomaliza lathera

Rodrick 09:13
mainjini aja ali ndi kalilime kotulukira pambali. ndinkayesa nkotsalira ku fakitale, mwayi wake ndinachita ulesi kukadula. ndawamatula pamapiko ndi lezala

Rodrick 09:15
kalilime kalowa mu mng'alu ngati kiyi pa loko yake. mbali zonse ziwiri. popanda guluu akukhala okha

Keziya 09:22
Ambuye wanga

Rodrick 09:26
ndakhala pansi mu shopu. mayi wina amandifotokozera za foni yake, sindinamve ndi limodzi lomwe. mdala uja zaka zonsezi amanena zoona, ine nkutseka umboni wake ndi phala la galimoto

Keziya 09:35
science ija ili kuti achimwene?

Rodrick 09:41
iwe usandiseke. yakhaladi ndi matako nditangoika mainjini. ndalowetsa manati awiri kumphuno, pano yaima bwinobwino pa matayala. science sinaname yonse

Keziya 09:44
kkkk simugonja inu. munatengera ndani kaya

Rodrick 10:02
tamvera pulani. a Benedicto adzati mwana wake wamanga dala kuti atchinjirize bambo. ndiye mainjini sindimata. ndibwera nawo mthumba. adzaike okha a Benedicto pomwe akulowa, anthu akuona

Rodrick 10:05
chimango cha zilembo chija ndibweretsanso, aphunzitsi adzawerenge mokweza

Keziya 10:11
apo ndiye mwaganiza. nanga pansi pa mapiko pomwe munamata?

Rodrick 10:17
patsala zipsera za guluu kma ndipala ndi sandipepa, penti katatu. palibe angadziwe. iwenso usawauze, imeneyi tifa nayo awiri

Keziya 10:19
pakamwa ndatseka

Lachinayi, 16 August

Rodrick 08:30
afunse mtundu wake. mwaulemu, asadabwe

Keziya 11:48
akuti pamwamba yoyera kuti mbee, pamimba yotuwa, mzere wofiira kudutsa mmawindo kuyambira kumphuno. akuti wofiira wa tomato wakupsa osati wa njerwa

Keziya 11:52
kuyambira Lamulungu sakusiya kuyankhula. dzulo amandiuza za phokoso lake, akuti ikamanyamuka agalu a ku Lunzu ankalowa mnyumba. kma za kutuluka akuti ayi ndithu

Rodrick 12:03
asiye. Jonasi wandisakanizira penti. mzere ndikoka ndi tepi kuti uwongoke. Loweruka mudzi uona chomwe sunaonepo

Keziya 12:10
azakhali akuti akapanda kutuluka akuchimuna adzayesa sakumufuna Aubrey. ine chakudya sichikulowa achimwene

Rodrick 12:14
idya. chitenje chingakukhwepe. nkhani iyi isiyire ine

Lachisanu, 17 August

Rodrick 16:20
yatha. sindidzitama kma ndi yokongola. pansi pa mapiko ndayang'ana padzuwa, ndayang'ana ndi galasi langa la mawotchi, palibe chooneka

Rodrick 16:24
ndaikulunga mzitenje ziwiri. ndikapanda kutero mu minibasi anthu atsika onse, ati ndanyamula ndege ya afiti. pa Kamwendo ndikwera kabaza, ndiifukata ngati khanda

Keziya 16:40
mufike 9 isanakwane. mwambo ndi 11. ine adzanditsekera kwa azakhali kundiveka, sindidzaona kanthu. muzindiuza chilichonse, mayuniti ndakutumizirani

Loweruka, 18 August

Rodrick 08:12
Kamwendo. wakabaza akufunsa ngati ndi mwana wodwala

Rodrick 08:57
ndafika. mapiko onse alipo. anthu ayamba kudzaza pabwalo, a Benedicto ali pa benchi yakutsogolo ndi chipewa chao. ndikulowa kwa abambo

Keziya 09:04
chitseko atsegula?

Keziya 09:15
achimwene

[Keziya wafulasha 09:26]

Keziya 09:33
akundipaka zinthu kumaso. nenani kanthu

Rodrick 09:47
ndinaiika pamiyendo pao osawauza kuti nchiyani. ayamba kumphuno. zenera ndi zenera, mpaka lomaliza. chala chapeza mng'alu. akweza dzanja, apeza kaphiko kapamwamba

Rodrick 09:49
anangoti "Wabwera nayo." kenako "Mainjini ali kuti?"

Keziya 09:51
alira?

Rodrick 09:54
ayi. ndine. ndawafotokozera pulani ya a Benedicto. akuti si iwe wokawapatsa, ndipatse ine. akuti tsegula sutikesi

Keziya 09:55
JEKETE??

Rodrick 09:58
avala. akuti ndiwapese

Keziya 10:00
azakhali akundikalipira kuti ndaononga zopakazi. ndilibe nazo ntchito

Rodrick 10:16
tatuluka. akana ndodo, dzanja limodzi paphewa panga, lina ndege. bwalo lonse maso pa ife. ngakhale wa zokuzira mawu wazimitsa nyimbo

Rodrick 10:21
aima pamaso pa benchi. akuti "A Benedicto, inu maso muli nawo. Nawa mainjini, ikani pomwe akulowa." aphunzitsi awerenga chimango chija kawiri, vi si teni, anthu kuyang'anana

Keziya 10:24
ndiye??

Rodrick 10:29
ayesa pansi pa phiko, mainjini agwa. ayesa phiko lina, agwanso. ayesa pamwamba. thukuta kamukamu. mayi wina kumbuyo wakuwa kuti tayesani kumchirako abambo inu

Rodrick 10:32
alowa. onse anayi. nthungululu ukuzimvazo ndi zimenezo, si zako

Keziya 10:33
ndikuzimva!!! a Benedicto akuti chani

Rodrick 10:40
anakhala nayo mmanja nthawi yaitali. kenako avula chipewa, akuti "A Mbewe, nanga phokoso lake linali lotani?" a Mbewe Kezi. ine chibadwire sindinamvepo a Benedicto akuwatchula dzina lao, amangoti a Visiteni

Rodrick 10:52
awapatsa malo pa benchi. abambo nkhani afika nayo pa agalu a ku Lunzu. akuchimuna nawo asendera. amalume a Aubrey akufunsa ngati mundegemo munali chimbudzi

Keziya 11:10
ndiye chinkhoswe changa chiyamba liti kkkk

Keziya 11:12
zkm achimwene. munalonjeza ndipo mwachita. lero dzitameni mmene mungafunire, sindikutsutsani

Keziya 11:21
mwangoti zii bwanji? si inu amene boma lonse limakudziwani?

Rodrick 11:30
pali china sindinakuuze. mnyumba muja tisanatuluke anaitembenuza chagada. anatenga chala changa nkuchiyendetsa pansi pa phiko. uku, kenako uku

Keziya 11:32
munati sipakuoneka

Rodrick 11:35
sipakuoneka. akuti "Penti imanamiza a maso okha. Unayamba waika apa."

Keziya 11:36
ine sindinawauze, Mulungu mboni

Rodrick 11:39
ndikudziwa. akuti "Sindikudabwa, nawenso unakulira mmudzi muno. Koma anakuchotsera ndani?" ndinati ndinachotsa ndekha

Rodrick 11:41
akuti "Chabwino. Usadzapalenso pamenepa, pasiye choncho." ndi pomwe anati tsegula sutikesi

Keziya 11:44
achimwene

Rodrick 11:46
pukuta maso. ali pampando wakutsogolo, ndege ili pamiyendo, akana kuti ndiwalandire. akufunsa kuti mwana wanga atuluka nthawi yanji. tuluka